Mtengo wa digiri pa Mtengowanthenga

Dzuwa langosuzumira kumene kuchokera kumapiri a Dowa, chisanu cha Juni chikuluma m'makutu, koma pa Mtengowanthenga tsiku layamba kalekale.

Masienta ochokera ku Mponela akuima m'mphepete mwa msewu wa M1, oitanira akulimbirana zikwama za anthu opita ku Kanengo ndi m'tauni. Amayi akuunjika tomato pamasaka. Anyamata a kabaza akhalira njinga zawo, manja m'matumba, maso kunjira yochokera kuchipatala cha mishoni.

Pansi pa ambulera yofiira yomwe dzuwa laichotsa kale mtundu, mnyamata wina akutsegula kope. Patebulo pali mafoni awiri ndi cholembera chomangirira ku ulusi. Ntchito yake ndi yotumiza ndi kutapitsa ndalama za pafoni.

Dzina lake ambiri salidziwa. Amangoti "a Digiri".

M'mawu amenewa mulibe chipongwe chenicheni, koma ulemu wake ndi wopyapyala. Gogo wina wafika ndi kapepala kolembapo nambala, akufuna atape ndalama yomwe mwana wake watumiza kuchokera ku Joni. Mnyamatayo akumuwerengera ndalamayo m'manja kawiri konse, kenako akulemba m'kope ndi zilembo zaukhondo za munthu amene anatha zaka zinayi akulemba manotsi.

M'chikwama chomwe wapachika pampando muli envulopu yakhaki. Simuchoka. Mkati mwake muli mafotokope a satifiketi ya Fomu 4 ndi a digiri, a chiphaso cha unzika, ndi kalata yofunsira ntchito yomwe pamwamba pake anasiya mpata wolembapo dzina la kampani.

Ndinakhala naye pabenchi tsiku lonse. Gauni anavala zaka zitatu zapitazo. Makalata omwe watumiza anasiya kuwerenga. Kuintavyu anaitanidwako kawiri, ndipo kawiri konseko anamuuza mawu omwe lova aliyense m'dziko muno amawadziwa pamtima: tikuimbirani.

Foni yake siithima. Mwina ndi chifukwa cha bizinesi, mwina ndi chifukwa cha mawu aja.

Ku Dowa ndi ku Ntchisi fizi ya mwana imachokera m'chigafa. Bambo amafesa nazale mu Sepitembala, amathirira kudimba dzuwa likuswa mtengo, amawokera mvula ikagwa, amathyola, amasoka, amadinda mabelo, kenako amadikira okushoni ya ku Kanengo. Wina amagulitsa soya ndi mtedza. Wina amagulitsa ng'ombe yapangolo. Amalume, monga eni mbumba, amaponyapo kangachepe. Ngongole ya boma ya ophunzira a m'mayunivesite, yomwe bungwe lake linakhazikitsidwa mu 2015, imathandiza, koma simaliza zonse, ndipo ndi ngongole ndithu, yoyenera kubwezedwa.

Choncho digiri ikalowa m'mudzi si ya munthu mmodzi. Chithunzi cha gauni chimapachikidwa pabalaza ngati lisiti ya banja lonse.

Ndipo banja limadikira kukolola.

Makolo amenewa sakulota. Anaona ndi maso awo nthawi yomwe pepala linkatsegula khomo. Yunivesite ya Malawi itayamba kuphunzitsa mu 1965, ophunzira anali 90 okha. Kwa zaka zoposa makumi atatu inali yokhayo m'dziko muno, mpaka ya Mzuzu inatsegulidwa mu 1999. Mwana wa ku Kongwe, pasukulu ya Robert Blake, akasankhidwa kupita ku Chancellor College kapena ku Bunda, mudzi wonse unkadziwa kuti abwerako ndi nyumba ya boma. Boma, ADMARC, njanji, mabanki ndi makampani a Press zinkadikira omaliza maphunziro, osati omaliza maphunziro kudikira izo.

Kenako mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi kupulayimale, ndipo ana oposa miliyoni imodzi analowa m'kalasi chaka chimodzi. Ana amenewo anakula. Ang'ono awo anawatsatira. Bunda inaima payokha n'kukhala LUANAR, MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa patatu, kubala MUBAS ndi KUHeS. Mipingo ndi anthu abizinesi anatsegulanso zawo: ya Katolika ku Nguludi, ya Nkhoma, ya Livingstonia, ya Daeyang kufupi ndi Kanengo, ndi zina zambiri zomwe zikwangwani zake mumaziona mukamalowa mu Lilongwe.

Zipata za sukulu zinakula. Zipata za ntchito zinatsala momwe zinalili, zina zinachita kutsekeka. Makampani a boma anagulitsidwa. Mu 2022 ADMARC inatsekedwa kuti ikonzedwenso, antchito zikwi zingapo n'kupita kwawo.

Funso lomwe ndinabwera nalo linali losavuta: kodi pepala likakwera, mwayi wa ntchito umakweranso? Wa dipuloma, wa digiri yoyamba, wa masitazi ndi wa PhD, ndani amalowa msanga?

Yankho lili pompano, pamsewu womwewu, ngati munthu ayang'ana bwino amene akudutsa.

Cha m'ma 7 koloko akudutsa anamwino, yunifolomu yoyera pansi pa juzi. Ambiri mwa anamwino ndi azamba a m'zipatala zakumidzi ali ndi dipuloma, yochokera m'makoleji a mishoni monga Nkhoma kapena ku Malawi College of Health Sciences. Chomwe ali nacho choposa pepala ndi chilolezo. Bungwe loona za anamwino ndi azamba likakupatsa chilolezo, ntchito yako ili ndi dzina, ndipo palibe wa masitazi ya zachuma angabwere kudzakulanda wodi ya amayi oyembekezera.

Cha m'ma 8 koloko akudutsa alangizi pa njinga zamoto, ena a boma, ena a makampani a fodya, chipewa cholimba kumutu, kabuku m'thumba. Ambiri a iwo ndi a dipuloma ya ulimi, ochuluka anadzera ku NRC. Ntchito ya ulimi m'boma inamangidwa ngati chulu: pansi n'potambalala, pamwamba n'posongoka. Alangizi akufunika m'magawo onse a Dowa ndi Ntchisi. Mipando ya a digiri ili pa ofesi ya pa boma ndi kulikulu la chigawo cha ulimi ku Kasungu, ndipo okhalapo sachoka mpaka atakwanitsa zaka 60.

Apa ndiye pali chodabwitsa choyamba. Kumudzi, pepala laling'ono lokhala ndi luso lodziwika limapeza pokhala msanga kuposa pepala lalikulu lopanda mpando wake.

Koma musathamangire kunena kuti a dipuloma ali pabwino. Malipiro a antchito ambiri a m'zipatala za mishoni zomwe zili pansi pa CHAM amachokera kuboma, kotero ngakhale wodi itadzaza odwala mpaka pansi, namwino watsopano salembedwa boma lisanavomere. Bungwe la anamwino lakhala likudandaula zaka zambiri kuti anamwino ophunzitsidwa bwino ali pakhomo pomwe zipatala zikusowa anthu. Aphunzitsi a kupulayimale, ena ophunzira pa koleji ya DAPP konkuno ku Dowa, akhala akudikira zaka kuti alembedwe, pamene kalasi imodzi ili ndi ana oposa zana.

Ntchito ilipo. Chomwe palibe ndi malipiro ake.

Digiri yoyamba ndiye pamene pali chithinithini. Pamapepala a boma zinthu n'zoonekeratu: wa dipuloma amalowa pa giredi K, wa digiri pa giredi I. Kusiyana kwa malipiro kulipo, ndipo munthu akangolowa, digiri imamubwezera thukuta lake. Amene amati sukulu ilibe phindu amanama, kapena sanaonepo mapepala a malipiro a anthu awiriwa ataikidwa pamodzi.

Vuto n'kulowako.

Apa maphunziro omwe munthu anachita amayamba kulankhula. Wa uphunzitsi wa masamu kapena sayansi sasowa choko. Sukulu za sekondale zomwe si zaboma zadzaza kuyambira ku Lumbadzi mpaka ku Madisi, ngakhale malipiro ake nthawi zina amabwera ngati mvula ya chizimalupsa. Wa zowerengera ndalama amapeza pogwira, makamaka akawonjezera mapepala a ICAM. Wa zomangamanga anaona kuwala pang'ono ntchito yokonza msewu wa M1 itayamba mu 2022. Koma wa maphunziro a chitukuko cha kumidzi, a kayendetsedwe ka bizinesi, a zofalitsa nkhani, a kasamalidwe ka antchito, amene makoleji ambiri amawakonda chifukwa safuna labotale koma bolodi ndi mipando basi, ameneyo amapikisana ndi khamu.

A Digiri athu ali m'gulu limeneli.

Ndiyeno pali chiganizo chija chomwe chimatseka malonda onse a ntchito m'nyuzipepala: wofunsira akhale woti wagwirapo ntchito yotere zaka zitatu. Mnyamatayo anaseka pondiuza zimenezi. Zaka zitatu ali nazo ndithu, koma ndi za pansi pa ambulera.

Boma linayesa kuthyola goli limeneli mu 2018 poyambitsa ndondomeko yotumiza omaliza maphunziro m'maofesi ake kuti akaphunzire ntchito, n'kumawapatsa K80,000 pamwezi. Ena anapindula. Ambiri nthawi yawo itatha anabwerera kwawo ndi kalata yowayamikira, yomwe inalowanso mu envulopu yakhaki. Mu 2020 mgwirizano wa Tonse unalonjeza ntchito miliyoni imodzi. Chaka chomwecho dziko linaona zithunzi za achinyamata zikwizikwi akukankhana pamageti a sukulu pofuna kulowa mayeso a ntchito za zaumoyo, ena mpaka kuvulala ku Mzuzu. Pamzere umenewo panali a Fomu 4 ndi a digiri omwe, phewa ndi phewa.

Munthu akakhala pakhomo zaka ziwiri, abale amayamba kumulangiza. Langizo lotchuka masiku ano ndi loti akachite masitazi.

Ine langizo limeneli ndimaliopa.

Pitani Loweruka m'mawa pa sukulu iliyonse ya mu Lilongwe yophunzitsa masitazi, muone magalimoto omwe aima panja. Amene ali m'kalasi ndi anthu a pantchito kale: a m'maunduna, a m'mabanki, a m'mabungwe. Fizi yake ndi mamiliyoni, ndipo amailipira ndi malipiro awo kapena ndi ngongole ya kubanki yomwe lova sangapatsidwe. Kwa iwo masitazi ndi makwerero opita pampando wapamwamba. Amagwiradi ntchito yake, chifukwa makwerero ali ndi poyedzamira.

Kwa amene sanalowepo mu ofesi, masitazi ndi makwerero oimika pabwalo.

Olemba ntchito amamuyang'ana ndi diso lina. Pantchito yaing'ono amati uyu sakhalitsa, akangomva kwina athawa, ndiponso adzafuna ndalama zambiri. Pantchito yaikulu amati alibe luso. Si zachilendo kumva kuti wina wachotsa masitazi pa CV yake kuti aitanidwe kuintavyu ya ukalaliki. Ganizirani bambo amene anagulitsa ng'ombe kuti pepalalo lipezeke, atamva kuti mwana akulibisa.

Komwe masitazi ankagula bwino ndi kumabungwe othandiza anthu. Dowa amawadziwa bwino mabungwewa; msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka, womwe unatsegulidwa mu 1994, wakhala ukukoka magalimoto oyera okhala ndi zilembo m'mbali kwa zaka makumi atatu. Koma mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja, ndipo mapulojekiti ambiri a USAID anatsekedwa. Anthu a masitazi, a zaka khumi pantchito, odziwa kulemba malipoti ndi kuyendetsa galimoto, anapezeka pamsika.

Akagwa wapamwamba amagwera wapansi. Wa masitazi akufunsira ntchito ya wa digiri. Wa digiri akufunsira ya wa dipuloma. Wa dipuloma akulimbirana ndi wa Fomu 4. Wa Fomu 4 wagula njinga ya kabaza pangongole.

Ndipo wa digiri amene walephera ponseponse watsegula ambulera.

Za PhD sindichulukitsa, chifukwa pa Mtengowanthenga pepala limeneli limangodutsa pagalimoto. Eni ake ndi ochepa, ndipo ambiri analipeza ali kale pantchito yophunzitsa kuyunivesite kapena ya kafukufuku, atatumizidwa kunja ndi thandizo. Sakhala malova kawirikawiri. Koma msika wawo ndi wopapatiza: mayunivesite asanu ndi limodzi a boma, ena a mipingo, malo a kafukufuku monga Chitedze, ndi ntchito zaupangiri zomwe zimadalira ndalama zomwe zija zakunja. Ukakangana ndi abwana ku Zomba, nkhani imafika ku Mzuzu usanafike iwe.

Zonsezi n'zoona, koma sindikhulupirira kuti mulingo wa pepala ndiwo unabweza mnyamata uja kumudzi. Anzake a kalasi imodzi, a digiri yomweyo, ena okhoza mochepa kuposa iye, ali pantchito mu Lilongwe. Ndinamufunsa kusiyana kwake. Anandiwerengera pazala, ndipo palibe chala chomwe chinakhudza za m'kalasi.

Kusaka ntchito kumadya ndalama. Fotokope ndi ndalama. Kukadinditsa mapepala kuti ndi enieni ndi ulendo. Bandulo yoonera malonda a ntchito pa WhatsApp ndi ndalama. Intavyu imabwera ndi uthenga wa madzulo woti mufike mawa 8 koloko ku City Centre, mutavala jekete. Lilongwe ali pafupi, ulendo wa ola limodzi, koma Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ola limenelo linatalika. Mafuta akasowa, mtengo wa Sienta umakwera dzuwa lisanalowe.

Mwana wa ku Area 47 akamaliza sukulu amabwerera kuchipinda chake. Nsima ilipo, magetsi alipo. Akhoza kugwira ntchito yongodzipereka chaka chathunthu osalandira kanthu, mpaka nkhope yake izolowereke mu ofesi, mpaka tsiku lomwe mpando upezeke iye ali pompo. Bambo ake amapemphera tchalitchi chimodzi ndi abwana a pamenepo.

Mwana wa ku Dowa amafikira kwa msuweni ku Area 25 kapena kwa Senti. Amagona pabalaza, amapinda mkeka anthu asanadzuke, amatsuka mbale kuti asaoneke wolemetsa. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma mame ofika miyezi isanu ndi umodzi alamu amayamba kuwawerengera mitanda ya nsima. Tsiku lina amangolongedza.

Sanalephere mayeso. Ndalama yodikirira ndiyo inatha.

Umenewu ndiwo mtengo wa digiri womwe sulembedwa pa kalata yoitanira mwana kuyunivesite. Makolo amawerengera fizi ya zaka zinayi. Palibe amene amawauza za chaka chachisanu ndi chachisanu ndi chimodzi, zaka za lendi m'tauni popanda malipiro, zomwe kwenikweni ndizo zimagula ntchito.

Za kudziwana sindikufuna kukometsera. Aliyense amadziwa funso lomwe silifunsidwa mokweza: kodi ndinu mwana wa ndani, wakutumizani ndani? Nthawi zina ndi katangale weniweni. Nthawi zambiri ndi chinthu chofatsa kuposa pamenepo: mpata umamveka kaye m'makonde usanafike m'nyuzipepala, ndipo amene ali kutali ndi khonde amamva mochedwa. Kwa atsikana palinso mtengo wina womwe abwana ena amatchula chitseko chitatsekedwa, ndipo ambiri amangobwerera osauza munthu.

Pamwamba pa izi pali akathyali. Amaimba foni, mawu aulemu, kuti dzina lanu lasankhidwa, tumizani kangachepe ka fomu kapena ka mayeso a kuchipatala. A Digiri akuti amawazindikira makasitomala onamizidwa chonchi akangofika patebulo: wachinyamata wovala bwino, wosangalala, wothamanga, nambala ili m'manja. Amayesa kuwachenjeza. Ena amamva. Ena amamuyang'ana ngati wansanje, ndalama n'kupita.

Zotsatira zake zikuoneka m'midzi. Mu Novembala 2023 ndege inanyamula achinyamata 221 kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, nkhondo ili mkati, ndipo ofuna kutsatira anali ambirimbiri. Mabasi a ku Joni sanasiye kudzaza. Ena atembenukira ku luso la manja, ukalipentala, zowotcherera, zamagetsi, kudzera m'makoleji a TEVETA monga ya ku Mponela, ndipo pakati pawo mumapezeka amene anavalapo gauni. Ena ayesa ngongole ya NEEF. Ena abwerera kumunda, ndipo kunena zoona, wa digiri amene walima soya mwanzeru, n'kusunga mpaka mitengo ikwere, amaposa mnzake wa tayi wa m'tauni. Koma munda umafuna malo ndi feteleza, ndipo m'boma la Dowa, la anthu oposa 770,000, monga anawerengera mu 2018, malo a banja agawidwa kale mpaka atsala ngati mipango.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi maso a ana. Mwana wa Fomu 2 amadutsa pa ambulera ija kawiri patsiku. Amaonanso mnzake amene anasiyira Sitandade 8, ali ndi njinga yamoto ndi foni yaikulu. Mphunzitsi akamati limbikirani sukulu, mwanayo ali ndi masamu akeake m'mutu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amatero akumudzi, ndipo kwa mwana wotere digiri ndi fodya wa pachala, mphepo ili pafupi.

Masana atapendeka kunafika bambo wachikulire pa njinga yakapalasa, thalauza atalimanga ndi luzi m'miyendo. Mnyamata uja anaimirira msanga, n'kulandira njinga ndi manja awiri. Anali bambo ake.

Anapatsana moni wautali, wa kumudzi, wofunsa mayi, mbuzi ndi chifuwa cha agogo. Kenako bamboyo anatulutsa kapepala kopindidwa kanayi m'thumba la malaya. Mlongo wake wa mnyamatayo, wachitatu kubadwa, dzina lake latuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita kuyunivesite. Fodya wa chaka chino wagulitsidwa, ndalama yalowa, koma ngongole ya feteleza yadyapo gawo lake. Bamboyo anabwera kudzafunsa mwana wake wophunzira kuti awawerengere ngati zotsalazo zingakwane chaka choyamba.

Sanafunse ngati kuli koyenera kumutumiza. Funso limenelo silinabwere n'komwe.

Mnyamatayo anatsegula tsamba lakumapeto kwa kope la bizinesi, n'kuyamba kulemba. Fizi. Malo ogona. Chakudya. Thiransipoti. Mafotokope. Anaima pang'ono, cholembera chili m'mwamba, ngati akufuna kuwonjezera mzere wina pansi pake. Anayang'ana bambo ake, amene anali atavula chipewa n'kuchigwira pabondo.

Mzerewo sanaulembe. Anajambula kamzera, n'kuwonkhetsa.

Kumbuyo kwawo mayi wina wobereka mwana anali atayamba kale kugogoda patebulo ndi ndalama yachitsulo, akuitana a Digiri kuti amuthandize msanga, minibasi ya ku Ntchisi ingamusiye.